Tsiku Limene Makina Anakana Chala cha Amayi Anga

"Mayi, taikaninso chalacho."

Amayi anaikanso. Kanali kachisanu. Kagalasi kaja kanawala mofiira, makina n'kulira kuti twii, ndipo mtsikana wa pakauntala anapukusa mutu. Anawapatsa kansalu kuti apukute chala. Zinakanika. Anawauza kuti achikhule pachipumi kuti chitengeko timafuta. Zinakanikabe. Anayesa chamkombaphala, anayesa chapakati, kenaka chachikulu cha dzanja lamanzere. Kumbuyo kwathu mzere unali utafika pakhomo, ndipo bambo wina anali atayamba kale kutsonya.

Amayi anali atalawira kumudzi kwathu ku Kasungu, kulipira kabaza, kulipira minibasi, kuti adzatenge ndalama zimene malemu bambo anatisiyira. Fizi ya mng'ono wanga inkadikira ndalama zomwezo. Chiphaso chawo cha unzika chinali m'manja. Nkhope ya pachiphasopo inali yawo. Ine mwana wawo wobereka okha ndinali nditaima pambali pawo. Koma makina anati sakuwadziwa.

Anatembenuka n'kundiyang'ana. "Ndiye akuti ine si ine, mwanangu?"

Ndinasowa choyankha. Ndinangogwira dzanja lawo n'kuliyang'anitsitsa, mwina koyamba chikulireni. Nsonga za zala zinali see, ngati mwala wa pamtsinje umene amachapirapo. Zaka zoposa 40 za khasu, kusoka fodya, kuswa mtedza, kuchapa, kuphula mphika pamoto popanda kansalu. Timizere tija tinali titafufutika. Chimene chinandichititsa manyazi n'chakuti nditatulutsa foni kuti ndiimbire achimwene, inatseguka nthawi yomweyo nditangoigusa ndi chala changa, chala chimene chinasiyana ndi khasu ndili Fomu 2.

Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikufufuza za makina ozindikira anthu awa. Ndinkafuna kudziwa njira yabwino kuposa zonse pakati pa chala, nkhope, diso ndi mawu. Ndapeza kuti funso langalo linali loperewera. Munthu akakuuzani kuti njira yakutiyakuti ndiye yabwino, mumufunse kuti: yabwino kwa ndani, ndipo potseka chiyani?

Makina amamudziwa bwanji munthu?

Pali njira zitatu zosonyezera kuti iwe ndiwedi. Yoyamba ndi chimene ukudziwa, monga PIN kapena pasiwedi ya Facebook. Yachiwiri ndi chimene wanyamula: kiyi, khadi ya ku banki, chiphaso. Yachitatu ndi thupi lako lenilenilo. Njira yachitatuyi ndi imene amaitcha biometric, ndipo mabanki, maboma ndi opanga mafoni amaikonda chifukwa chala sungachiiwale kunyumba komanso sungamubwereke mnzako.

Ambirife timaganiza kuti makina amaika chithunzi cha chala chako pamwamba pa chithunzi chakale n'kuona ngati zagwirizana. Si choncho kwenikweni. Tsiku lolembetsa, makina amasankha timalo tapadera pachala kapena pankhope n'kutisandutsa manambala. Ukabweranso amatenga manambala atsopano n'kuwayerekeza ndi akale aja. Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa manambala awiriwo safanana ndendende ngakhale tsiku limodzi. Lero chala chili ndi thukuta, mawa chauma ndi mphepo ya mu Julaye. Lero wajambulidwa padzuwa, mawa magetsi athima. Choncho makina amangoona ngati zafanana mokwanira, ndipo woika malire a "mokwanira" ameneyo ndi munthu.

Taganizirani mlonda wa pageti. Akakhala wovuta kwambiri, tsiku lina adzabweza mwini nyumba chifukwa wameta ndevu. Akakhala wofewa, adzalowetsa wakuba chifukwa wavala jekete yofanana ndi ya abwana. Makina alionse a biometric amalakwitsa m'njira ziwiri zomwezi: kukana mwini wake, ndi kulola mlendo. Ukakhwimitsa kuti mlendo asalowe, eni ake okanidwa amachuluka. Ukafewetsa kuti eni ake asavutike, mlendo amapeza mpata. Otsatsa malonda amakonda kutiuza za mlendo yekhayo. Amayi anga anakumana ndi vuto linalo.

Ndiye pa njira iliyonse ine ndimafunsa mafunso atatu. Imakana ndani? Imapusitsidwa bwanji? Nanga ikabedwa, nditani?

Chala: chotchipa, chachangu, koma chimatha

Timizere ta pachala timapangika mwana akali m'mimba, ndipo ngakhale mapasa amene mayi wawo amawasokoneza amakhala ndi zidindo zosiyana. Makina amayang'ana kwambiri malo amene kamzere kathera ndi amene kagawikana pawiri.

Njirayi ndi yakale kuposa zinzake zonse. Mu 1892 ku Argentina, mayi wina dzina lake Francisca Rojas anapha ana ake awiri n'kunamizira bambo wina woyandikana naye. Apolisi anapeza chidindo cha chala cha magazi pachitseko, ndipo potsatira luso limene Juan Vucetich ankaphunzitsa, anaona kuti chinali cha mayiyo. Kwathu kuno, agogo anga ankadinda chala ndi inki polandira ndalama za fodya chifukwa sankadziwa kulemba, ndipo ophunzira ankawayang'ana mwachifundo. Lero ophunzira tonse tikudinda chala. Mu 2017, bungwe la National Registration Bureau linalemba Amalawi oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, ndipo aliyense anajambulidwa nkhope ndi kudinda zala.

Ubwino wa chala ndi woonekeratu. Makina ake ndi aang'ono, ndi otchipa, ndipo amagwira ntchito ngakhale mumdima. N'chifukwa chake ngakhale foni ya mtengo wapakatikati ili nako kabatani ka chala.

Koma chala chimakana ndani? Chimakana alimi, amisiri ogwira simenti, amayi ochapa zovala za anthu, okalamba amene khungu lawo lapyapyala, ndi aliyense amene wadzicheka kapena kupsa pansonga. Kunena mwachidule, chimakana kwambiri anthu amene manja awo amatidyetsa.

Chimapusitsidwa bwanji? Vuto la chidindo n'lakuti timachisiya paliponse: patambula, pabotolo, pagalasi la foni yomweyo. Mu 2013 kampani ya Apple itatulutsa iPhone 5s yotsegula ndi chala, sipanathe sabata, gulu la akatswiri a kompyuta la ku Germany lotchedwa Chaos Computer Club linajambula chidindo chotsalira pagalasi, kupanga chala chabodza, n'kutsegula foniyo. Komabe tisachite mantha opitirira. Ntchito imeneyo imafuna luso ndi nthawi, ndipo wotsomphola foni pa depoti sangavutike nazo.

Chodetsa nkhawa chenicheni chili m'nyumba momwemo. Chala sichidziwa kuti mwini wake wagona. Mwana wa achimwene anga, wa zaka 6, anapeza bambo ake akusinza pampando, anawagwira chala bwinobwino n'kuchikanikiza pafoni, ndipo pomwe amadzidzimuka n'kuti bandulo yonse itathera pa makatuni. Tinaseka mpaka misozi. Koma mutachotsa mwanayo n'kuikapo munthu wofuna kuwerenga mameseji anu kapena kuona za ku banki, kusekako kutha.

Nkhope: yosavuta, koma si zonse zili zofanana

Ambirife tikamati "foni yanga imatsegula ndi nkhope" timayesa tikunena chinthu chimodzi. Ayi ndithu, zilipo za mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu.

Mtundu woyamba umayeza kuya kwa nkhope. Face ID, imene inabwera ndi iPhone X mu 2017, imaponya pankhope timadontho toposa 30,000 ta kuwala kosaoneka ndi maso, n'kuyeza mmene mphuno yatulukira, mmene maso alowera, mmene chibwano chapindikira. Chithunzi cha papepala n'chafulati, ndiye sichingadutse. Apple imati mwayi woti munthu wachilendo atsegule foni yanu ndi nkhope yake ndi umodzi pa 1,000,000, pomwe ndi chala ndi umodzi pa 50,000. Koma kampani yomweyo imavomereza kuti manambalawa sagwira bwino pa mapasa, pa abale ofanana nkhope, ndi pa ana osakwana zaka 13.

Mtundu wachiwiri umangogwiritsa ntchito kamera ya selfi basi. Umenewu ndi umene uli m'mafoni ambiri otsika mtengo. Mu 2023, bungwe loimira ogula la ku Britain lotchedwa Which? linayesa mafoni 48, ndipo 19 mwa iwo anatseguka atangoonetsedwa chithunzi cha mwini wake chosindikizidwa papepala. Tsono taganizirani, ndi zithunzi zingati za nkhope yanu zimene zili pa Facebook ndi pa WhatsApp? Musandikhulupirire ine. Madzulo ano pemphani mnzanu akujambuleni, kenaka muonetse chithunzicho ku foni yanu ili yokiya. Ikatseguka, mwadziwa mlonda amene muli naye.

Nanga nkhope imakana ndani? Apa nkhani ikutikhudza ife eni khungu lakuda. Mu 2018, Joy Buolamwini wa ku MIT ndi Timnit Gebru anayesa mapulogalamu atatu a makampani akuluakulu ongosiyanitsa nkhope ya mwamuna ndi ya mkazi. Anagwiritsa ntchito zithunzi za aphungu a nyumba za malamulo za ku Rwanda, Senegal ndi South Africa, komanso za maiko atatu a kumpoto kwa Ulaya. Pa amuna oyera khungu, mapulogalamuwo sanalakwitse ngakhale pa munthu mmodzi mwa 100 alionse. Pa akazi akuda bii, ina inalakwitsa pa anthu pafupifupi 35 mwa 100. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Pulogalamu imaphunzira poona zithunzi zambirimbiri, ndipo ikaleredwa ndi nkhope zoyera zokhazokha, ife imationa ngati ofanana tonse.

Mu 2019, bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, linayesa mapulogalamu 189 ozindikira nkhope, ndipo linapeza kuti ambiri ankasokoneza nkhope za anthu a ku Africa ndi a ku Asia kuposa za azungu, ena kuwirikiza ka 10 mpaka ka 100. Izi si nkhani za mu labotale zokha. Mu Januwale 2020, apolisi a ku Detroit anamanga bambo wina wakuda, Robert Williams, pakhomo pake, mkazi wake ndi ana ake akuona, chifukwa kompyuta inati nkhope yake ikufanana ndi ya wakuba mawotchi m'sitolo. Anamusunga maola pafupifupi 30. Sanali iyeyo. Mapulogalamu atsopano akuchita bwinoko kuposa a nthawi imeneyo, koma amene akugula makina otere ayenera kufunsa kuti anawayesera pa nkhope za ndani.

Palinso china. Chala umachita kupereka wekha. Nkhope amangotenga, uli patali, ukuyenda mumsewu, osadziwa n'komwe.

Diso: lolondola kwambiri, koma lodula

Mukadziyang'anitsitsa pagalasi, muona kamkombero kozungulira mwana wa diso. Pa Chingerezi amakatcha iris. Kwa ife a maso akuda kamaoneka ngati kopanda chilichonse, koma kakaunikidwa ndi kuwala kwapadera kosaoneka ndi maso, kamaonetsa timizere, timaenje ndi timakwinya tosawerengeka. Diso lanu lamanja n'losiyana ndi lamanzere, ndipo mapasa nawo amasiyana. Masamu amene makina ambiri a diso anayambira ndi a John Daugman wa ku yunivesite ya Cambridge, amene anawalembetsa kuti ndi ake mu 1994.

Pa njira zonsezi, diso lili m'gulu la zolondola kwambiri, makamaka pofuna kupeza munthu mmodzi pakati pa chinamtindi cha anthu. Ndipo lili ndi ubwino umene unandigwira mtima: khasu siliperesa diso. Dziko la India litayamba ntchito ya Aadhaar, imene yalemba anthu oposa 1.3 biliyoni, linasankha kutenga zala zonse khumi, maso onse awiri ndi chithunzi cha nkhope. Chimodzi mwa zifukwa zowonjezera maso chinali chomwechi cha amayi anga: anthu ambiri ogwira ntchito za manja zala zawo zinafufutika.

Mwina mukuganiza kuti izi n'za kutali. Ayi. Kumapeto kwa 2013, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, UNHCR, linayesera makina ake atsopano otenga zala, maso ndi nkhope pa msasa wa Dzaleka ku Dowa konkuno, pa anthu pafupifupi 17,000, lisanawapititse kumaiko ena.

Kuipa kwake? Makina abwino a diso ndi odula, ndipo amafuna kuti uime pamalo oyenera, utong'ole maso, usaphethire. Ana aang'ono savomera zimenezo msanga. Matenda ena a maso, monga ng'ala imene imavuta agogo athu ambiri, amathanso kusokoneza. Nalonso diso linapusitsidwapo. Mu 2017, a Chaos Computer Club aja anajambula diso la munthu ali chapatali, kusindikiza chithunzicho, kuikapo kagalasi kovala m'diso kuti chioneke chotukuka, ndipo Samsung Galaxy S8 inatseguka.

Mawu: abwino pafoni, koma nyengo yasintha

Mawu ali ndi mwayi umodzi umene zinzake zilibe. Safuna makina apadera. Ngakhale kafoni ka mabatani kali ndi maikolofoni, ndipo munthu angathe kuzindikiridwa ali kumudzi, osalipira minibasi. Mabanki ena a kunja amagwiritsa ntchito njirayi kasitomala akaimba foni.

Koma pa zonse zinayi, mawu ndiwo osakhazikika. Chimfine chimawasintha, ukalamba umawasintha, phokoso la mumsika ndi netiweki yodukaduka zimawasokoneza. Mu 2017, mtolankhani wa BBC, Dan Simmons, anapempha mbale wake amene anabadwa naye mapasa kuti ayesere mawu ake poimbira banki ya HSBC. Anakanidwa kasanu ndi kawiri, koma ulendo wachisanu ndi chitatu analowa mu akaunti. Amenewo anali mapasa osafanana n'komwe.

Lero sipafunikanso mapasa. Mapulogalamu a AI amatha kumvetsera mawu a munthu kwa kanthawi kochepa n'kuyamba kulankhula ngati iyeyo. Tsono ife amene timatumiza ma voice note tsiku lonse m'magulu a WhatsApp, mawu athu ali ponseponse. Ichi si chiopsezo cha mabanki okha. Makutu a amayi anunso ndi makina ozindikira mawu, ndipo akamva mawu anu pafoni akuti "Amayi, ndagwidwa, tumizani ndalama pa nambala iyi," mtima wa kholo sudikira. Kwathu tinagwirizana liwu limodzi lachinsinsi, loti aliyense wopempha ndalama mwadzidzidzi pafoni alitchule kaye. Salitchula, timadula foni n'kumuimbira pa nambala yake yomwe timaidziwa.

Funso lachitatu: ikabedwa, nditani?

Pasiwedi ikabedwa umasintha. Khadi ikatayika amakupatsa ina. Koma zala uli nazo khumi basi, maso awiri, nkhope imodzi, ndipo ndi zomwezo mpaka kumanda. Mu 2015, akuba a pa intaneti anathyola makompyuta a ofesi yoona za ogwira ntchito m'boma la America n'kutenga zidindo za zala za anthu 5.6 miliyoni. Anthu amenewo anasintha mapasiwedi. Zala sanasinthe.

N'chifukwa chake n'kofunika kudziwa kumene manambala a thupi lanu akukagona. Pa mafoni ambiri amakono, chidindo chanu chimasungidwa m'kachipangizo kotetezedwa mkati mwa foni momwemo, ndipo sichitumizidwa ku kampani. Foni imangofunsa funso limodzi: kodi uyu ndi mwini wanga uja? Koma kaundula wa boma, wa banki kapena wa kuntchito ndi nkhokwe yaikulu yosunga anthu masauzande kapena mamiliyoni pamalo amodzi. Nthawi zina amafunsa funso lovuta kwambiri: pa anthu onsewa, uyu ndi ndani? Anthu akachuluka, mwayi wosokoneza umachulukanso, ndiye chifukwa chake amatenga zala zambiri osati chimodzi. Komanso nkhokwe ikakula, mbewa zoilakalaka zimachuluka.

Ndiye samalani ndi amene akupempha thupi lanu mosinthana ndi kanthu. Mu 2023 ku Nairobi, anthu anaima pamizere italiitali kuti kampani ya Worldcoin iwajambule maso, posinthana ndi ndalama za pa intaneti zokwana pafupifupi mashilingi 7,000 a ku Kenya. Mu Ogasiti chaka chomwecho boma la Kenya linaimitsa ntchitoyo pofuna kudziwa kumene maso a anthu ake akupita. Sindikuwaweruza amene anaima pamzerewo. Ndani wa ife angakane ndalama mwezi utafika pa 25? Koma ndalamazo zinatha kalekale, pomwe diso likadali lomwelo.

Ku Malawi kuno tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, ndipo bungwe loliyang'anira ndi MACRA. Kaya ndi pulogalamu ya ngongole ya pafoni imene ikufuna selfi yanu, kaya ndi kuntchito kumene aika makina odindira chala pofika m'mawa, simulakwa kufunsa: mukuzitengeranji, mukazisunga kuti, ndipo ndikachoka mudzazifufuta? Safunsa anadya phula.

Ndiye tisankhe iti?

Nditaziika zonse pamodzi, ndinaona chonchi. Chala n'chotchipa ndi chachangu, n'chabwino pa foni ya wachinyamata, koma chimakana ogwira ntchito za manja ndi okalamba. Nkhope yoyeza kuya ndi yolimba, koma ili m'mafoni odula. Ya kamera ya selfi yokha ndi yongothandiza kuti usavutike, osati yoteteza ndalama. Diso ndi lolondola ndipo silifufutika ndi ntchito, koma ndi la mabungwe a ndalama zawo. Mawu amafika kutali, koma pa okha sindingawadalirenso.

Palibe imodzi imene yapambana pa mafunso onse atatu. Akuluakulu anatha kale nkhaniyi pamene anati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ine pa foni yanga ndinachita izi, ndipo inunso mungayese.

Ndinalembetsa zala zingapo, za manja onse awiri, kuti china chikavulala ndisasowe polowera. Ndinazimitsa zotsegula ndi nkhope chifukwa foni yanga ndi ya kamera ya selfi yokha. Ndinasintha PIN n'kuika yotalikirapo, yosakhala chaka changa chobadwa, chifukwa chala chikakanika foni imabwerera ku PIN, ndipo PIN ikakhala 1234 ndiye kuti mwakiya chitseko n'kusiya zenera pululu. PIN ya ndalama za pafoni ndi ina, ndipo sindiuza munthu, ngakhale woimba foni wonena kuti ndi wa ku kampani. Ndikamagona pamalo achilendo kapena kuyenda ulendo wautali wa usiku, ndimathimitsa foni n'kuiyatsanso, chifukwa ikangoyaka kumene imafuna PIN kaye isanalole chala kapena nkhope.

Koma zonsezi ndi za ife a mafoni, amene tili ndi ufulu wosankha. Amayi anga sanasankhe makina amene anawakana. Apa pempho langa likupita kwa anzanga amene mumakhala kuseri kwa kauntala, chifukwa ambiri mwa inu ndinu a msinkhu wanga. Makina akakana gogo, si kuti gogoyo ndi wabodza. Ofesi iliyonse yodalira chala iyenera kukhala ndi khomo lachiwiri lodziwika bwino: chala china, nkhope, chiphaso, mboni, siginecha ya bwana. Ndipo inu amene mukuperekeza makolo anu, apakeniko timafuta todzola pang'ono m'manja ngati khungu lauma, nyamulani mapepala onse, ndipo makina akakana musangobwerera. Funsani mwaulemu kuti, "Nanga zala zikakanika, njira ina ndi iti?"

Mmene zinathera

Ife tinakhala pabenchi maola awiri, amayi atafumbata manja awo pachitenje ngati awapeza ndi mlandu. Kenaka kunatuluka mayi wina wachikulire wogwira ntchito pomwepo. Anawapatsa moni bwinobwino, kuwafunsa za kumudzi ndi za mvula, n'kutenga dzanja lawo kuliyang'ana ngati mmene ndinachitira ine muja.

"Amayi, manja awa agwira ntchito," anatero. "Tiyeni tiyese kamene kamapumulako."

Anatulutsa kabotolo ka mafuta odzola m'chikwama chake, kuwapaka pang'ono, n'kuika pagalasi kachala kakang'ono kakumapeto ka dzanja lamanzere. Makina anaganiza kanthawi. Kunawala kobiriwira.

Mng'ono wanga anapita kusukulu Lolemba lotsatira. Koma mpaka lero ndimaganiza za mayi wina, penapake, amene anafika pakauntala ngati imeneyo ali yekha, wopanda mwana wowerenga zikwangwani, tsiku limene mayi wachikulire uja anali patchuthi.

Tili m'minibasi popita ku depoti, amayi anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana dzanja lawo. Kenaka anaimika kachala kaja n'kuyamba kuseka.

"Taona zake," anatero. "Zala zonse zimene zinakulera iwe azikana. Akudziwa kaulesika."